Geti Limene Sindinkaliona

Olemekezeka bwana oyang'anira sukulu za ntchito zamanja m'dera lino, amene mwatifikira ngakhale galimoto yanu yapereka moni kwa dzenje lililonse la mumsewu wathu;

Olemekezeka mayi oyang'anira mayeso, amene nkhope yanu ndikuiona ikumwetulira koyamba lero;

Olemekezeka mayi wapampando wa komiti ya makolo, pamodzi ndi akomiti onse;

Olemekezeka aphunzitsi, makolo, ndi inu ophunzira khumi ndi awiri amene mwakhala kutsogoloku mutatchena ngati mukupita kokafunsira;

Olemekezeka anzanga a mumsewu uno: a wometa a patsidyapa, a Moto owotcherera zitsulo, amayi a pagolosale, ndi ena nonse amene mwaima kumbuyoko chifukwa mipando yatha;

Olemekezeka mwini sukulu ino, amene inu mumamuti Madamu, koma ine ndimamuti mzime wanga;

Ndipo olemekezeka koposa, mayi akunyumba, amene andichenjeza m'mawa kuti ndikatalikitsa andikoka jekete;

Ndikupatsani moni nonse, ndipo ndikukuthokozani kuti mwasiya ntchito zanu, mwatseka mashopu anu, mwabwera kudzamvera nkhalamba.

Mwaona kuti pepala ndilibe. Sikuti ndaliiwala ayi. Ine sukulu ndinangoiona kunja kwake. Ndiye mwana wanga atandiuza kuti komiti yasankha ine kukhala mlendo wolemekezeka pa mwambo wotsegulira chipinda cha makompyuta, ndinamufunsa kuti, "Kodi anthu ophunzira atha m'dziko muno?" Iye anati, "Ababa, alipo. Koma amene anatsala pang'ono kugwetsa sukuluyi ndi inu nokha, ndiye mukafotokoze." Choncho ndaima pano ngati mlendo, komanso ngati woimbidwa mlandu. Mundilole ndiyende pang'onopang'ono, pakuti ndi mmene ndimayendera.

Ine ndinagwira ntchito ya ulonda pageti la fakitale zaka makumi atatu ndi zinayi. Ndinkalowa m'mawa, n'kuweruka dzuwa lisanalowe, ndipo pa zaka zonsezo sipanasowe ngakhale msomali wodzera pageti langa. Lamulo langa linali limodzi: yang'ana manja, yang'ana matumba, yang'ana kayendedwe. Tsiku lina munthu wina analowa m'mawa ali wowonda ngati bango, madzulo akutuluka ali ndi mimba ngati bwana. Ndinamuimitsa. "Achimwene, mwadya chiyani masana ano choti inenso ndikadye?" Titamuvula malaya, tinapeza wadzikulunga waya wamagetsi kuyambira m'khwapa mpaka m'chiuno. Kuchokera tsiku limenelo ndinakhulupirira kuti wakuba aliyense amaoneka, chifukwa chobedwa chimalemera. Gwirani mawu amenewo, tiwapezanso kutsogoloku.

Chaka chatha mzime wangayu anasiya ntchito yabwino ya muofesi, yampando wozungulira, n'kubwera kudzandipempha chipinda chino, chimene ndinkasungiramo matayala akale ndi njinga zakufa. Anati akufuna kuphunzitsa anthu makompyuta. Mayi ake analira. Ine ndinangotulutsa matayala. Akuluakulu a maphunziro anamuuza kuti ayambe, koma chilolezo chenicheni adzamupatsa ophunzira ake oyamba akadzalemba mayeso a pa intaneti m'chipinda chomwechino, osadukiza. Mayesowo amabwera kamodzi pachaka. Netiweki ikaduka pakati, ophunzira adikira chaka china, ndipo sukulu ilibe chilolezo. Ndiye kuti mwana wanga wasiya mpando wozungulira uja pachabe.

Makompyuta anabwera asanu ndi imodzi, akale, akuluakulu, ongofanana ndi ine: amphamvu koma osamva zakutali. Kuti agwire netiweki popanda waya, mwanayu anagula tizipangizo totchedwa adaputa. Kanthu kake n'kakang'ono ngati chala chachikulu, kali ndi kanyanga kamodzi. Anagula tisanu ndi tiwiri, kamodzi kapadera koti kadzalowe m'malo kena kakafa. Tsiku limenelo ndinavala jekete lomwe ndavala leroli, pakuti linali tsiku lalikulu, ndipo ndinaima pambali n'kumaonerera. Ankalowetsa kachipangizoko pabowo la kumbuyo kwa kompyuta, n'kuika kapulogalamu koti kompyutayo ikazindikire, kenaka pagalasi pankatuluka maina a manetiweki a mumsewu monse. Iye n'kusankha lathu, n'kulemba pasiwedi, basi kanyali kobiriwira n'kuyamba kuphethira. Mayi wa tizipangizo tonseti ndi kabokosi kotchedwa rauta, kamene anakaika pashelefu pakhomo, pamwamba penipeni pa mpando wanga. Ine ndinadzilemba ndekha ntchito ya ulonda. Palibe anandipempha.

Mawa lake kachipangizo kapadera kaja kanasowa.

Abale anga, munthu amene sanatayepo msomali wa eni ake zaka makumi atatu ndi zinayi, n'kutaya katundu wa mwana wake tsiku lachiwiri! Mwanayu anati, "Ababa, zisiyeni, ndi kanthu kakang'ono." Koma ine chinandidya mumtima. Ndinasecha zikwama za ophunzira awa, ali pano avomereze. Ndinawavula nsapato. A wometa, amene anabwera tsiku loyamba lija kudzasuzumira, ndinawayang'ana ndi diso lakumbali miyezi isanu. Khalani pansi, a wometa, nthawi yanu ikubwera.

Pa miyezi imeneyo ndinapeza anzanga ambiri. Anthu amene kale ankandidutsa ngati chitsa anayamba kundipatsa moni wa manja awiri. "Agogo, mwadzuka bwanji? Nanga miyendo? Kabokosi kothwanimako n'kokongola bwanji! Tingakaone nawo kunsi kwake?" Ine, poona ulemu wotere, ndinkakanyamula ndekha, n'kukatembenuza. Kunsiko kunali kapepala komata kokhala ndi zilembo. Iwo n'kutulutsa foni, n'kujambula, n'kuthokoza. Potuluka ndinkayang'ana manja: mulibe kanthu. Matumba: osatupa. Kayendedwe: kabwinobwino. Ndinkati mumtima, anthu a mumsewu uno ndi okonda chitukuko.

Musaseke msanga, zikubwera ndi zazikulu.

Sabata ya mayeso inafika. Mayeso anali Lachisanu. Lolemba mwanayu anaitanidwa ku msonkhano wa aphunzitsi wa masiku atatu, nandisiyira makiyi. Ndinakhala pampando wanga n'kuganiza: kamodzi kanasowa, nanga tikasowa tina tsiku la mayeso lisanafike? Ndinawoloka msewu kupita kwa mnzanga a Moto. Ndinawafotokozera vuto langa. Iwo anakweza magalasi awo akuda aja pamphumi, nati, "Agogo, chimenecho n'chochepa. Ine ndinatsekerapo mawindo a nyumba khumi, mbava zinalira." Tinatenga chitsulo chokhuthala, chotsala pa chitseko cha galaja. A Moto anapanga timabokosi tisanu ndi kamodzi, kalikonse kovindikira kumbuyo kwa kompyuta pamodzi ndi adaputa yake, kali ndi kabowo ka waya wamagetsi ndi malo a loko. Tinatipaka utoto wakuda. Lachitatu madzulo zonse zinali m'malo, pansi pa matebulo, zosaoneka. Ndinapita kunyumba makiyi asanu ndi mmodzi akulira m'thumba, ndikuyenda ngati munthu amene wamanga mlatho.

Lachinayi m'mawa mwanayu anafika, nati ayese makompyuta komaliza. Anayatsa yoyamba: netiweki palibe. Yachiwiri: palibe. Yachitatu inagwira pang'ono, n'kusiya, ngati munthu amene wakupatsa dzanja kenaka wakumbukira kuti munayambana. Anazimitsa rauta, anayatsanso. Anaimbira a kampani ya intaneti, iwo anati kwawo zonse zili bwino. Ine ndili pampando, chete, ndikudikira kuti nthawi ina iliyonse aona ntchito yanga n'kundiyamika. Sindinaganize n'komwe kuti nkhani ziwirizi ndi pachibale. Safunsa anadya phula, abale.

Itakwana nthawi ya nkhomaliro, anagwada kuti ayang'ane waya pansi pa tebulo. Anakhala pansipo nthawi yaitali. Kenaka mawu anatuluka, otsika kwambiri.

"Ababa."

"Ee, mwanawe."

"Ichi n'chiyani?"

"Chitetezo."

"Wapanga ndani?"

"Maganizo ndi anga, manja ndi a Moto."

Anatuluka pansi paja, fumbi lili m'mawondo, nandiyang'ana monga mayi ake amandiyang'anira. Anapuma katatu. Ndinamulera bwino, sanakweze mawu. Anati, "Ababa, munthu atakuikani mu mgolo wachitsulo, n'kuvindikira, n'kukhoma loko, kenaka n'kukuuzani kuti muzimvera belu la pageti, mungalimve?" Ndinati ayi. Anati, "Kanyanga aka ndi khutu. Netiweki imayenda mumphepo. Thabwa imalidutsa, khoma imayesetsa, koma chitsulo chokhuthala chonchi chimaitsekereza. Mwatsekera makutu onse asanu ndi limodzi m'ndende."

Ndinatulutsa makiyi aja mmodzimmodzi. Sankaliranso bwino ngati dzulo lake.

Timabokosi titachoka, tinyali tobiriwira tinayambanso kuphethira, ine n'kuti basi mlandu watha. Koma netiwekiyo inkayenda ngati nkhono yodwala. Tsamba limodzi kuti litseguke, munthu ukanatha kupita kukameta n'kubwerera. Mwanayu anati, "Izi si zachitsulonso. Pali anthu ena pamsewu wathu." Analowa m'kati mwa rauta kudzera pa kompyuta, natsegula pamene pamaoneka onse amene alumikizidwa. Anandiitana. "Ababa, makompyuta athu ndi angati?" Ndinati asanu ndi imodzi. Anati, "Pano pali makumi anayi ndi atatu."

Ndinadzuka, n'kuyang'ana m'chipinda monse, mpaka kuseri kwa chitseko. Tinalimo awiri.

Anayamba kuwerenga maina, pakuti mafoni ena eni ake amawapatsa maina. Munali wailesi yakanema ya kometera. Munali mafoni awiri a pagolosale. Munali foni ya a Moto, mnzanga wapamtima, amene dzulo lake ankandithandiza kulimbana ndi mbava. Atafika pa dzina lina anaima, n'kugwira pakamwa. Ndinati, "Werenga." Anati, "Ababa, ili ndilisiye." Ndinati, "Werenga, mlonda sasankha nkhope." Anati, "Ndi foni ya amayi."

Mayi akunyumba, musakoke jekete, ndi zoona. Nyumba yathu ili kuseri kwa khoma ili, ndipo miyezi isanu yonseyo ine ndinkadabwa kuti bwanji mwasuntha mpando wanu n'kuutsamiritsa kukhoma kopanda ndi windo lomwe. Munkati kumeneko n'kozizira bwino. Kani munkaonera makanema a kalukidwe ka majuzi!

Mwanayu anandifunsa kuti anthu onsewa pasiwedi anaipeza bwanji. Ndinati sindikudziwa, palibe amene anatuluka ndi kanthu. Anati, "Alipo amene anagwira rauta?" Ndinati, "Kugwira ayi, ndinkawanyamulira ndine. Iwo ankangojambula kunsi." Apa anakhala pansi. Kapepala komata kaja, abale, ndi pamene a fakitale amalembapo pasiwedi yobwera ndi kabokosiko. Kunali ngati kupachika kiyi pachitseko, ine n'kumaunikira aliyense wofuna kukadulitsa wake. Mwanayu nayenso anavomera kulakwa kwake. Anati, "Ndinayenera kuisintha tsiku loyamba lomwe, koma ndinkati ndichita mawa." Choncho mlanduwu tinagawana, ngakhale gawo langa linali la mkulu.

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti pali geti lina limene maso saliona, ndipo wodutsa pamenepo satupa mimba. Ndinafunsa kuti, "Nanga anthuwa ndiwathamangitse bwanji? Nditenge chibonga?" Anati, "Khalani apa." Anasintha dzina la netiweki. Anasintha kiyi wolowera m'kati mwa rauta mwenimwenimo, kuti wina asadzabwere n'kusintha zathu. Anasankha loko wolimba pa maloko amene kabokosiko kali nawo, chifukwa akuti ena ndi akale, ana amawatsegula posewera. Anathetsa mphamvu ya kabatani kena ka kumbuyo, kamene munthu akangokadina amalowa popanda kufunsidwa. Kenaka anati, "Tsopano pasiwedi. Ikhale yaitali. Lisakhale dzina langa, lisakhale tsiku langa lobadwa, ndipo isalembedwe pakhoma. Ababa, ndipatseni mawu anayi osagwirizana, oti inu simungawaiwale." Ndinatseka maso, ndinayenda m'moyo wanga, n'kutola mawu anayi. Iye anathiramo manambala pakati ngati mchere, nandibwerezera kawiri. Anati, "Dinani apa."

Ndinadina ndi chala ichi.

Sipanathe mphindi. Nyimbo za kometera zinaduka pakati pa mawu. Msewu wonse unati zii. Kenaka zitseko zinayamba kutseguka. Anthu anatuluka mmodzimmodzi, aliyense atakweza foni m'mwamba, akuzungulira ngati akufunafuna kumene kukuchokera mvula. Wina anatuluka kometera mutu utametedwa mbali imodzi. A Moto anawoloka msewu, nati, "Agogo, kodi kwanu kuno zinthu zili bwino?" Ndinati, "Zili bwino kwambiri, a Moto. Nanga kwanu?" Pa zaka makumi atatu ndi zinayi sindinathamangitsepo anthu makumi atatu ndi asanu ndi awiri ndi chala chimodzi.

Tizipangizo tija mwanayu anatilumikiza ku mawaya aatali, n'kutimangirira pamwamba pakhoma, pamene mukutiona apo. Pamenepo timamva bwino, dzanja silifikapo, ndipo ine ndimatiwerenga ndili pampando. Tonse tinapeza zathu.

Lachisanu linafika. Mayi oyang'anira mayeso anabwera ndi kompyuta yawo yam'manja, imene imayenera kulumikizidwa kaye kuti mayeso atseguke, ndipo akapanda kutseguka pofika naini koloko, kumalikulu amatseka. Zinatsala mphindi khumi. Mwana wanga anawerama kuti alembe pasiwedi. Inakana. Analembanso. Inakana. Mawu anayi aja anali atasokonekera m'mutu mwake, lachiwiri lapita kumapeto, manambala asinthana malo, ndipo papepala sitinalembe. Ophunzira khumi ndi awiri anatembenuka onse kumuyang'ana. Mayi oyang'anira anayang'ana wotchi. Mwanayu anandiyang'ana ine, ndipo nkhope imene ndinaiona si ya Madamu ayi, inali ya kamwana kaja kamene ndinkakaperekeza pageti la sukulu ine n'kubwerera panja.

Ndinadzuka. Ndinafika kaye kwa mayi oyang'anira n'kupempha chitupa chawo. Inde, mayi, ndinatero, ndipo munandiyang'ana ngati mundimeza. Kuwerenga sinditha, koma chithunzi ndi nkhope ndimadziwa kufananiza. Nditakhutira, ndinawapempha kuti ayang'ane kukhoma. Ndinawerama pakhutu la mwana wanga, n'kumunong'oneza pang'onopang'ono, liwu ndi nambala yake, liwu ndi nambala yake. Munthu wosalemba alibe kwina kosungira, zonse zimakhala m'mutu, ndipo m'mutu mwanga mulibe kapepala komata koti wina ajambule.

Inalowa. Zinatsala mphindi zinayi.

Makompyuta ndi asanu ndi imodzi, ndiye analemba m'magulu awiri, maola awiri gulu lililonse. Ine ndinakhala pakhomo, maso pa tinyali tobiriwira. Sitinazime ngakhale kamodzi. Pakati pa mayeso a wometa anabwera kudzandilonjeza kundimeta ulere mpaka imfa. Ndinavula chipewa n'kuwaonetsa dazi. Mayi akunyumba anabwera ndi tiyi wa mkaka wambiri, umene sindinauonepo chikwatirane, nati, "Bambo ake mwana, ine ndi inu tinabisiranapo chiyani?" Tiyi ndinamwa. Pasiwedi sindinanene.

Lero khumi mwa ophunzirawa alandira masetifiketi. Awiri inu amene simunakhoze, musagwetse nkhope. Netiweki sinakulakwireni, ndiye mukudziwa pamene pali ntchito, ndipo mpando wanu ulipo. Bwana oyang'anira abweretsa chilolezo, ndachigwira ndi manja anga, akuti chili ndi dzina la mwana wanga. Bwana, tikuthokoza. Ndipo pamene munandikokera pambali m'mawa uja n'kundifunsa pasiwedi, sikuti ndinakunyozani. Alendo ali ndi netiweki yawoyawo, yosiyana ndi ya makompyuta, imene mwanayu amaitsegula pa mwambo ngati uno n'kuitsekanso. Mufunse iyeyo. Mayi akunyumba nawonso anawalembetsa mwalamulo, juzi ili m'katimu ndi umboni.

Kwa inu ophunzira, langizo langa ndi lalifupi. Mukagula kachipangizo kotere, kapatseni mpata kuti kamve, ndipo kiyi wobwera nako kuchokera kufakitale mumusinthe tsiku lomwelo, osati mawa. Ndipo nkhalamba ya kwanu ikakhala chete pakona ikumwetulira, muziyang'ana pansi pa tebulo.

Ndatsala ndi mawu amodzi, ndipo ndi olemera. Jekete ili ndimalivala pa masiku akuluakulu okha. Ndinalivala tsiku limene makompyuta anafika, n'kulipachika, mpaka lero. M'mawa uno, pofuna poika mpango, ndinapisa dzanja m'thumba lam'kati.

Nachi.

Inde, ndi komweko. Kachipangizo kachisanu ndi chiwiri. Tsopano ndakumbukira bwinobwino: ndinakaona kali kokha patebulo, anthu ali piringupiringu, ndinati aka kabedwa, n'kukasunga. Ndinavula ana a eni ake nsapato, ndinaumba ndende zisanu ndi imodzi, ndinatsala pang'ono kugwetsa sukulu ya mwana wanga, kufunafuna mbava imene inkagona pabedi langa. Zaka makumi atatu ndi zinayi ndinasecha matumba a anthu onse, kupatula la munthu mmodzi.

A wometa, tsopano imirirani. Pa nkhani ya kachipangizo aka ndinakuganizirani pachabe, ndipo ndikupepesa pamaso pa anthu onsewa. Pa nkhani ya netiweki, khalaninso pansi.

Mwanawe, bwera ulandire katundu wako. Wasungidwa bwino, sanagwirepo fumbi. Tsiku limene unasiya ntchito ya muofesi sindinanene kanthu, ndinangotulutsa matayala. Lero ndinene: unachita bwino.

Tsopano, ndi mphamvu zimene komiti yandibwereka kwa tsiku limodzi, pamaso pa bwana oyang'anira, pamaso pa makolo, ndi pamaso pa msewu wonse umene unalawa kale intaneti yathu usanaitanidwe, ndikulengeza kuti chipinda cha makompyuta chino chatsegulidwa mwalamulo. Lowani nonse muone, chitseko n'chotsegula. Kabokosi kothwanima kali pashelefu, mukaone ndi maso, kunsi kwake kulibenso nkhani.

Zikomo kwambiri.